Mau Akasintha Tanthauzo, Walakwa Ndani?

Pali mkangano wina umene sufika pabwalo la amfumu, komabe umabuka tsiku ndi tsiku m'nyumba zathu, m'sukulu ndi m'misika. Mkanganowu ndi wa mau. Bambo akamva mwana wake akunena kuti akupita kukachita "geni", kapena kuti mnzake "wamufulasha" pa foni, amakwinya nkhope nati ana a masiku ano aononga chinenero. Mphunzitsi wa Chingerezi naye akamva ophunzira akutchula kanyumba kogulitsiramo sopo ndi mchere kuti "okala", amawadzudzula kuti kwa eni ake Angerezi liu loti "hawker" limanena munthu woyenda ndi malonda, osati nyumba ai. Anawo amayankha kuti aliyense pa msika wa Balaka kapena pa Ntaja amamva bwino lomwe chimene iwo akunena. Nanga cholakwa nchiyani? Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha mwezi uno ndi ili: kodi liu likasintha tanthauzo lake, alipo amene walakwa? Kodi nkhaniyi ndi ya malamulo a chinenero okha, kapena ikukhudzanso chikumbumtima cha munthu?

Tiyambe ndi Chingerezi chomwecho, popeza ambiri a ife timayesa kuti icho nchokhazikika ngati phiri la Chikala. Liu loti "nice", limene mwana aliyense wa pasukulu amalidziwa kuti limanena chinthu chabwino, linachokera ku liu la Chilatini loti "nescius", ndiye kuti wosadziwa kanthu. Zaka 700 zapitazo, Mngerezi akakutchula "nice" anali atakutukwana kuti ndiwe chitsiru. Liu loti "silly" linayenda ulendo wosiyana ndi umenewu: kalekale linkanena munthu wodala, lero limanena wopusa. M'chaka cha 2013 kunabuka phokoso ku England ndi ku America pa liu loti "literally". Tanthauzo lake lakale ndi lakuti chinthu chachitika ndendende monga chanenedwera, koma anthu amalinenanso pongofuna kukometsa nkhani, ngakhale chinthucho chisanachitike. Anthu ophunzira anakwiya poona kuti mabuku otanthauzira mau avomereza tanthauzo lachiwirili. Koma ofufuza anaonetsa kuti alembi a Chingerezi akhala akulilemba motero kwa zaka zoposa 200. Chimene anthu ankachiyesa matenda atsopano chinali chizolowezi cha agogo awo omwe.

Samuel Johnson, amene anatulutsa buku lotchuka lotanthauzira mau a Chingerezi mu 1755, anayamba ntchito yake ndi chiyembekezo chakuti adzachimanga chinenerocho kuti chisasunthenso. Pomaliza pake anavomera yekha kuti palibe munthu angathe kutero. Kwathu kuno nafenso tinayesapo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti chinenero chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo mu 1972 boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board kuti liziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera. Dr. Kamuzu Banda mwini wake ankadzudzula poyera anthu amene, m'maganizo ake, ankapotoza Chichewa. Bungwelo linagwira ntchito yotamandika pokonza malamulo a kalembedwe, koma pakamwa pa anthu silinathe kuikapo mpanda. Linathetsedwa ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Amene angatsegule lero buku la mau a Chimang'anja limene David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anasindikiza mu 1892, adzapezamo mau ambiri amene ngakhale nkhalamba za m'mudzi mwathu siziwatchulanso.

Ndipotu Chichewa chimene timachiyesa cha makolo chenicheni nchodzala ndi alendo amene anakhalitsa mpaka tinaiwala kuti anachita kubwera. Nsapato, kalata ndi mbatata ndi mau amene tinalandira kwa Apwitikizi kudzera ku Zambezi. Bwana ndi galimoto anabwera ndi Chiswahili. Liu loti wailesi tinalitenga kwa Angerezi, ndipo ife tikulisungabe pamene eni ake ambiri analisiya kale. Nanga liu loti boma? Ambiri amalimbikira kunena kuti ndi zilembo zoyamba za mau ena a Chingerezi a nthawi ya atsamunda, koma zoona zake nzakuti m'Chiswahili liuli linalipo kale Angerezi asanayambe kulamulira kuno, ndipo linkanena linga kapena mpanda wotchinjiriza anthu ndi ziweto. Popeza atsamunda ankamanga maofesi awo m'kati mwa linga, dzina la mpanda linasanduka dzina la olamulira. Lero tikati Balaka inakhala boma palokha mu 1998 itachoka ku Machinga, palibe amene amaganiza za mpanda. M'dera lino, m'mene Chiyao, Chichewa, Chilomwe ndi Chingerezi zimakumana pa sitolo imodzi, kubwerekana mau nkosapeweka, monga momwe anansi amabwerekana moto.

Motero amene amati liu lililonse latsopano ndi chivundi, mfundo yawo siingaime. "Geni" ndi "okala" sanapweteke munthu. Wogula ndi wogulitsa onse amamva chinthu chimodzi, ndipo palibe amene wanyengedwa. Kusintha kotere kuli ngati kwa mtsinje wa Shire, umene madzi ake a dzulo si a lero, koma ukadali Shire yemweyo.

Komatu tisafulumire kugwirizana ndi a mbali inayo, amene amati mau ndi mphepo chabe, ndipo munthu angathe kuwapatsa tanthauzo lililonse limene wafuna. Mbiri ya dziko lathu ili ndi liu limodzi limene likutichenjeza kwambiri. Liulo ndi thangata. Kwa makolo athu, kuthangata kunali kuthandiza: anthu ankathangata mnzao kumanga nyumba kapena kulima munda, ankathangatanso mfumu yao pa ntchito za mudzi. Linali liu la chibale. Azungu atatenga minda ikuluikulu ku Zomba, ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anauza anthu amene ankakhala pa malowo kuti azilipira malo pogwira ntchito m'minda ya mwini esiteti, ndipo ntchito yokakamizayo anaitcha thangata. Mwezi umodzi wa ntchito unkatalikitsidwa mwachinyengo, ndipo amene wakana ankathamangitsidwa pa nthaka imene anabadwirapo. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu Januwale 1915. Mchitidwewu unathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma liulo silinachire. Mpaka lero munthu akati "ntchito imeneyi ndi thangata", palibe amene amamva za chibale.

Taonani kusiyana kwake. Liu loti boma linasintha lokha, pang'onopang'ono, popanda wopindulapo. Koma thangata linachita kubedwa. Wamphamvu anatenga liu lokoma la anthu osauka nkuliveka pa chinthu choipa, kuti choipacho chioneke ngati mwambo wa makolo. Akadati "ntchito yokakamiza", aliyense akadaona msanga kuti pali kulakwa, mwinanso mwini esitetiyo akadachita manyazi. Ponena kuti "thangata", iye ankagona tulo tabwino, ngati munthu amene wangothandizidwa ndi anansi ake. Apa ndi pamene nkhani ya mau imasiya kukhala ya aphunzitsi a chinenero okha, nkukhala nkhani ya chilungamo.

Ufulu wodzilamulira wa pa 6 Julaye 1964 sunathetse chizolowezi chimenechi. Akuluakulu a m'midzi yathu akukumbukira "mphatso" zimene ankasonkha mtsogoleri akamabwera kudzayendera mbeu: mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama, zimene munthu sankatha kukana popanda kuika moyo wake pachiswe. Chinthu chimene sungathe kukana kupereka ndi msonkho, ngakhale uchitche mphatso. Mu Meyi 1983 dziko linauzidwa kuti nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa "ngozi" ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa. Kwa zaka 11 liu limodzi loti ngozi linakwirira mwazi wa anthu anai. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi imene inasindikizidwa ku Balaka konkuno inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mwa zina inatchula poyera zopereka zokakamiza ndi kuletsa anthu opanda khadi la chipani kulowa mu msika. Kalatayo siinaulule chinsinsi chilichonse, pakuti aliyense ankazidziwa zimenezi. Mphamvu yake inali pa kubwezera zinthu maina ake enieni. Nchifukwa chake boma la nthawiyo linaitcha youkira, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa.

Tisaganize kuti zimenezi zinatha ndi chipani chimodzi, kapena kuti olakwa ndi andale okha. Tamverani mau amene ife tomwe timayankhula. Munthu wa pa ofesi kapena wa pa mseu sanena kuti "ndipatseni chiphuphu". Amati "kangachepe", kapena "ya Fanta", ndipo woperekayo amati "ndangomuthokoza". Liu loti alawansi linkanena ndalama yolipirira chakudya ndi malo ogona a munthu amene watumidwa kutali pa ntchito. Lero alipo anthu amene safika pa msonkhano wokambirana za mjigo wa m'mudzi mwao momwe ngati palibe alawansi. Mu 2013 zinaululika kuti ndalama za boma mabiliyoni ambiri zinabedwa ku Capital Hill, ndipo nkhaniyo inatchedwa Cashgate, potengera dzina la nyumba ya Watergate ku Washington, kumene kunayambira mlandu wa 1972 umene unagwetsa pulezidenti Richard Nixon. Posakhalitsa anthu anayamba kuseka nalo liuli: wina akamanga nyumba yabwino, anzake amati "kashigeti imeneyi", uku akumwetulira mosilira. Liu loti wakuba limaluma, koma kashigeti siiluma. Chonsecho ndalamazo zinali za mankhwala a m'zipatala ndi mabuku a ana athu.

Chitsanzo china nchowawa kwambiri kwa makolo. Chichewa chili ndi dzina la mwamuna wamkulu amene amanyenga atsikana ang'ono ndi ndalama: chidyamakanda. Dzinali likunena zonse, ndipo palibe mwamuna amene angalivale monyada. Koma m'zaka zapitazi kunabwera liu lina kuchokera ku South Africa, loti "blesser", ndiye kuti wodalitsa. Mwamunayo ndi yemweyo, tchimo ndi lomwelo, mimba ndi matenda ndi zomwezo, sukulu imene mtsikana wasiya ndi yomweyo. Chasintha ndi dzina lokha, ndipo dzina latsopanolo lasandutsa fisi kukhala mngelo. Cholakwa cha liuli si chakuti ndi la Chingerezi ai. "Kangachepe" ndi Chichewa chenicheni, koma chimagwira ntchito yonyansa yomweyo.

Wina anganene kuti: "Kodi si mwambo wathu kuphiphiritsa? Munthu akamwalira timati watisiya. Mai woyembekezera timati ali ndi pakati. Wodwala Edzi timati ali ndi kachirombo, liu limene kale linkanena tizilombo ta m'munda ndi ta m'nyumba. Kodi zonsezi ndi bodza?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti si bodza. Tikati agogo atisiya, palibe amene amayesa kuti apita ku Liwonde ndipo abwera madzulo. Wonena ndi womva onse akudziwa choonadi, koma agwirizana kuchinyamula mofatsa, monga momwe timanyamulira wodwala. Umenewo ndi ulemu. Kuphiphiritsa kwa ulemu kumafunditsa munthu wosweka mtima kuti asazizidwe. Kuphiphiritsa kwa chinyengo kumafunditsa wolakwa kuti asaoneke, ndipo kumasiya wolakwiridwayo pambalambanda, alibe ngakhale liu lodandaulira. Mtsikana angadandaule bwanji za munthu amene dziko lonse likumutcha womudalitsa?

Tsono muyeso wa liu si msinkhu wake, kapena dziko limene lachokera. Tikamva liu latsopano, kapena liu lakale litavala tanthauzo latsopano, tidzifunse mafunso awiri. Loyamba: kodi liuli likundithandiza kuona chinthucho monga chilili, kapena likunditseka m'maso? Lachiwiri: kodi amene akupindula ndi dzina limeneli ndani, wofooka kapena wamphamvu? "Okala" amapambana mayeso onse awiri. Thangata wa pa esiteti, mphatso yokakamiza, ya Fanta ndi "blesser" zimalephera.

Palinso njira ina imene mau amaonongekera, popanda wina kuwaba: amangofota, nkutsala ndi theka la tanthauzo lao. M'Chingerezi liu loti "charity" linachokera ku "caritas" wa Chilatini, chikondi chodzipereka chimene munthu amakhala nacho pa mnzake. Lero ambiri akalimva amangoganiza za bungwe logawa ufa ndi zovala zakale, mwakuti munthu angathe kupereka "charity" kwa wosauka amene sakumufuna ngakhale pakhomo pake. Kwathu kuno liu limene lafota motere ndi ufulu. M'dera lino, m'mene magulu a akapolo ankadutsa kupita kunyanja ya mchere mpaka m'zaka za m'ma 1890, makolo ankadziwa bwino kuti mfulu ndi munthu amene sali kapolo wa wina. Koma ankatchulanso mfulu munthu woolowa manja, wolandira alendo, wosaumira. Tanthauzo limeneli likadamvekabe tikamati chopereka chaufulu, kapena kuti wapatsa mwaufulu. Nzeru yake inali yakuya: kapolo alibe chake choti apatse, pakuti ngakhale manja ake ndi a mbuye wake, chizindikiro cha mfulu ndi chakuti angathe kupatsa.

Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, liu loti ufulu linamveka paliponse, ndipo mau a Chingerezi onena zimene munthu aliyense ayenera kulandira chifukwa ndi munthu anamasuliridwa kuti "ufulu wachibadwidwe". Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lonena za Malawi, anaonetsa kuti kumasulira kumeneku kunakometsa kwambiri kumasuka kwa munthu payekha, nkusiya m'mbuyo zimene wosauka ayenera kulandira, monga malipiro oyenera. Ife tomwe tikuziona zipatso zake. Mnyamata akadzudzulidwa amati "ndi ufulu wanga", ndipo nkhani yathera pomwepo. Akuluakulu ena, potopa ndi yankho limeneli, ayamba kunena kuti ufulu ndi umene waononga dziko, ngati kuti masiku a makhadi ndi ndende zopanda mlandu anali abwino. Onse awiri alandira theka la liu, wina nkulikonda, wina nkudana nalo. Mankhwala ake si kutaya liulo, pakuti anthu analifera. Tiyenera kulibwezera theka limene linatayika, kuti mwana akamati "ndine mfulu" azidziwa kuti wanenanso kuti "ndili nacho choti ndipatse anzanga".

Nanga ndani angateteze mau athu, popeza taona kuti bungwe ngakhale pulezidenti sangathe? Eni ake a chinenero ndi amene amachiyankhula, ndipo sukulu yake yoyamba ndi pakhomo, pa mphasa ya chakudya chamadzulo. Bambo amene afika kunyumba nkunena monyadira kuti lero "wadya" pa ntchito, kapena kuti mlandu wake wa pa mseu "anaukonza" ndi kangachepe, waphunzitsa ana ake phunziro limene mphunzitsi aliyense adzavutika kulifafaniza. Mai amene alandira shuga ndi chitenje kwa mwana wake wa Fomu 2 osafunsa kumene zachokera, nkumati mwanayo "ali ndi mwayi", naye wasintha tanthauzo la liu, ndipo mtengo wake adzaulipira ndi mwanayo. Lamulo la Mulungu loletsa bodza silithyoledwa ndi mboni yonama ya pabwalo la milandu yokha. Limathyoledwanso pamene tisankha dzina lofewa ndi cholinga chakuti chikumbumtima chathu chigone. Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mau amene tikusiya m'makutu a ana athu adzatitsata ndithu, ife titakalamba ndipo iwo ali pa maudindo.

Choncho, owerenga okondedwa, tisataye mphamvu zathu polimbana ndi "geni", "okala" ndi kabaza. Asiyeni anawo ayankhule chinenero cha nthawi yao, monga ifenso tinayankhula cha nthawi yathu agogo athu akudandaula. Mkwiyo wathu tiusungire mau amene akubisa kuba, chiwerewere ndi kupondereza osauka, ngakhale atakhala a Chichewa chokoma chotani. Mwana akanena liu limene simukulidziwa, musayambe ndi kumukalipira. Mufunseni modekha kuti likunena chiyani, ndipo muone pamodzi ngati chinthucho angathe kuchitchula ndi dzina lake lakale popanda kugwetsa nkhope. Ngati angathe, liulo nlosalakwa, ndipo mwina inunso mwaphunzirapo kanthu. Ngati sangathe, mwapeza pamene pali chilonda, ndipo mwachipeza chisanatukusire.